MWANA WOTSALIRA M'KALASI

Phunziro la makolo, aphunzitsi ndi akatekisti

Pafupifupi m'sukulu iliyonse ya pulayimale muli mwana amene akhala chete m'kalasi, maso ali pa milomo ya mphunzitsi. Akamuitana sayankha msanga, akamufunsa ayankha zina, ndipo chaka chikatha anzake apita patsogolo, iye nabwereza. Kunyumba amutcha wamwano, kusukulu amutcha mbuli, ku katekisimu amutcha waulesi chifukwa mapemphero samulowa m'mutu. Akabwereza kawiri kapena katatu makolo atopa, namuuza kuti azikaweta mbuzi. Ndipo pofika nyengo yolandira Ukaristia koyamba dzina lake silitchulidwa. Koma mwina mlandu wonse wa mwanayo ngwakuti khutu lake lidatuluka mafinya miyezi yambiri akali wamng'ono, kotero kuti tsopano amva theka lokha la mawu a mphunzitsi. Wakalipiridwa zaka zitatu chifukwa cha nthenda, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa ngati amamva bwino.

Ana otere sali owerengeka. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti m'Malawi, mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kapena kuposa, anthu 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Motero nkovuta kupeza kalasi ya ana 80 kapena 100 yopanda mwana wofuna chithandizo chapadera. Ulumali wina uonekera patali, monga wa miyendo. Wina ubisala, ndipo wobisalawo ndiwo uchotsa ana ambiri pasukulu mwakachetechete. Phunziro lino lifotokoza m'mene sukulu izindikirira ana otere, m'mene iwathandizira, ndi gawo la makolo ndi akatekisti pa ntchitoyi.

1. Zimene Ambuye adachita

Mu Mthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 7, muli nkhani ya munthu wosamva ndi wovutika kulankhula. M'nkhaniyi muoneka zinthu zitatu. Choyamba, munthuyo sadafike yekha: adachita kubwera naye anthu amene adaona vuto lake. Chachiwiri, Ambuye Yezu adamuchotsa pakati pa khamu, napita naye pambali kuti akhale naye payekha. Chachitatu, sadamuuze mawu ambiri amene sakadawamva, koma adakhudza makutu ake ndi lilime lake, nayang'ana kumwamba. Ndiye kuti adalankhula naye ndi zizindikiro zimene munthu wosamva atha kuziona. Sukulu yabwino itsata njira yomweyi. Iyamba yaona vuto la mwana, kenaka imupima payekha, ndipo potsiriza imuphunzitsa m'njira imene iye angathe kulandira.

Mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 9, ophunzira adafuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu wina abadwe wosaona, iye mwini kapena makolo ake. Ambuye adakana zonse ziwiri. Chifukwa chake Mkhristu sayenera kunena kuti ulumali wa mwana ndi chilango cha Mulungu, kapena tsoka la mayi, kapena ntchito ya mfiti. Maganizo otere ndiwo achititsa makolo kubisa mwana m'nyumba ndi kutaya ndalama kwa asing'anga, nthawi yopitira kuchipatala nidutsa. Akuluakulu adanena kale kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza: wamoyo aliyense angathe kulumala mawa.

2. Chiyambi cha maphunzirowa

Eklezia sidayambe dzulo kuphunzitsa ana aulumali. M'zaka za m'ma 1500 Pedro Ponce de León, mmonke wa ku Spain, adaphunzitsa ana osamva kuwerenga ndi kulemba. Cha m'ma 1760 wansembe Charles-Michel de l'Épée adatsegula ku Paris sukulu yaulere ya ana osamva, nawaphunzitsa m'chinenero cha manja. Louis Braille, Mfalansa amene adabadwa mu 1809 nachita khungu akali mwana, adakonza zilembo za timadontho 6 zowerengedwa ndi nsonga za zala, ndipo zilembozo zitchedwa dzina lake mpaka lero.

M'Malawi ntchitoyi idayamba ndi amishoni. M'zaka za m'ma 1950 amishoni a mipingo ina adatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Mu 1968 Abulazala a chipani cha FIC, ochokera ku Holland, adayamba kuphunzitsa ana osamva ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kulinso koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera. Mu 1994 maiko 92 adagwirizana ku Salamanca, ku Spain, kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzao m'sukulu za kwao pamene kuli kotheka. Ndipo chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adasanduka aulere m'Malawi, ana ambiri amene kale adali kukhala pakhomo nalowa m'kalasi. Mu 2009 Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kumana munthu maphunziro chifukwa cha ulumali. Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti mwana wolumala si mlendo wa sukulu za kutali zokha. Ali pasukulu ya m'mudzi, ndipo woyamba kumuzindikira ayenera kukhala mphunzitsi wamba.

3. Zizindikiro zimene mphunzitsi ayang'ana

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphunzitsi saweruza mwana tsiku limodzi. Amuyang'anitsitsa milungu ingapo, m'kalasi ndi pabwalo lamasewero, nalemba m'kope zimene waona ndi tsiku lake.

Za makutu. Mwana wosamva bwino atembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula, ayang'anitsitsa milomo, apempha kubwereza mawu kawirikawiri, ndipo ayamba ntchito ataona kaye zimene anzake akuchita. Ena alankhula mofuula, ena motsitsa kwambiri, ena adumpha zilembo zina m'mawu. Kawirikawiri vutoli lidza pambuyo pa mafinya a m'khutu osachiritsidwa, malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku kapena matsagwidi.

Za maso. Mwana wosaona bwino ayandikiza buku kumphuno, atsinzinira poyang'ana pa bolodi, akopera kwa mnzake m'malo mokopera pa bolodi, alemba mokhota ndi kudumpha mizere, apunthwa pa zinthu, ndipo adandaula mutu akawerenga. Kadontho koyera pakati pa diso kangakhale ng'ala, ndipo mwana wotere afunika kupita kuchipatala msanga, pakuti ng'ala ya ana ichotsedwa ndi opaleshoni. Ana achialubino pafupifupi onse saona bwino patali, ndipo kuwala kwa dzuwa kuwapweteka m'maso.

Za kuphunzira. Pali mwana wochenjera polankhula, wodziwa nthano ndi kuwerenga ndalama pamsika, koma zilembo zimusokoneza: asinthanitsa b ndi d, aiwala lero mawu amene adawerenga dzulo. Ameneyu si wopusa ai. Ubongo wake uvutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake, ndipo aphunzira bwino akamuphunzitsa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Pali wina amene achedwa pa zonse: adachedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, ndipo afuna nthawi yaitali kuti aphunzire ngakhale kuvala ndi kusamba. Palinso wina amene sayang'ana anthu m'maso, sasewera ndi anzake, abwereza mawu kapena machitidwe amodzimodzi, ndipo avutika kwambiri ndi phokoso kapena kusintha kwa zinthu. Wina sakhazikika konse, ayamba ntchito osaimaliza, ngakhale aifunitsitsa. Onsewa asiyana, ndipo chithandizo chao chisiyananso.

Za khunyu. Anthu adziwa khunyu logwetsa munthu pansi, koma liliponso lina losagwetsa: mwana angoti duu kamphindi, maso ali tong'o, osamva kanthu, kenaka napitiriza ngati palibe chachitika. Zikamachitika kangapo pa tsiku, phunziro limudutsa, ndipo mphunzitsi ayesa kuti akulota masana.

Koma asanaganize za ulumali, mphunzitsi wanzeru ayamba wafunsa zina. Kodi mwanayo adya asanabwere kusukulu? Kodi sajomba chifukwa cha ganyu kapena kulera ang'ono ake? Kodi sadwala likodzo, njoka za m'mimba kapena kuchepa kwa magazi? Kodi kwao salankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, kotero kuti chinenero cha m'kalasi nchachilendo kwa iye? Kodi panyumba sipadagwe maliro kapena nkhanza? Zonsezi zitsaliritsa mwana, koma mankhwala ake ndi ena. Kutcha wolumala mwana amene angomva njala nkulakwa kofanana ndi kutcha waulesi mwana wosamva.

4. Njira imene sukulu itsata

Choyamba, mphunzitsi auza mphunzitsi wamkulu zimene walemba, ndipo awiriwo aitana makolo. Kukambirana kumeneku kuchitike pambali, mwaulemu, osati pamsonkhano wa makolo onse. Mayi ndiye adziwa mbiri ya mwana: m'mene adabadwira, ngati adalira msanga, msinkhu umene adayamba kuyenda ndi kulankhula, ndi matenda amene adadwala. Nkofunika kubwera ndi kabuku ka kuchipatala, chifukwa mumapezeka zimene makolo adaiwala.

Chachiwiri, pali kupima kosavuta kumene kuchitika pasukulu pomwepo. Poyesa maso, apachika pepala la chilembo E cholembedwa chachikulu pamwamba ndi chaching'ono pansi, chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana. Mwana aima pa mtunda wa mamita 6, diso limodzi litaphimbidwa, naloza ndi zala kumene miyendo ya chilembocho yaloza. Motero ngakhale wosadziwa kuwerenga ayesedwa. Poyesa makutu, mphunzitsi aima kumbuyo kwa mwana, pa mtunda wa mkono umodzi, kuti milomo yake isaoneke, nanong'ona manambala kapena mawu odziwika, khutu lina litatsekedwa. Kupima kotere sikutchula dzina la nthenda. Kungosonyeza mwana amene ayenera kupita patsogolo, pakuti mphunzitsi si dokotala.

Chachitatu, mphunzitsi wamkulu adziwitsa mlangizi wa sukulu za m'deralo, amene aitana mphunzitsi wa maphunziro apadera. Aphunzitsi otere ena akhala pa sukulu zimene zili ndi chipinda cha zipangizo zapadera, ena ayendera sukulu zingapo. Iwo ayesa mwana mozama: zimene adziwa, zimene zimukanika, ndi njira imene aphunzirira msanga.

Chachinai, mwana atumizidwa kuchipatala. Chipatala chaching'ono chichiritsa mafinya a m'khutu ndi kutumiza ena kuchipatala cha boma kapena cha mishoni, kumene kupezeka mankhwala a khunyu ndi opima maso. Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, kuli malo opimira makutu ndi opimira maso. Ku Lilongwe, pachipatala cha Kamuzu Central, ndi ku Nkhoma kuli madokotala a maso. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chiwongola mapazi ndi miyendo ya ana. Ndipo ku Mzuzu Abulazala a John of God Woyera athandiza ana ochedwa kukula m'nzeru. Ulendo wotere udya ndalama, ndipo makolo ambiri alephera pomwepa. Apa ndipo mphakati usonyeza Chikhristu chake, posonkha ya basi ndi kupeza woperekeza.

Zonsezi zifunika msanga. M'mera mpoyamba: mwana wosamva akapezeka ali ndi zaka 2 kapena 3 aphunzira chinenero mosavuta, koma akapezeka ali ndi zaka 10 wataya nthawi imene sibweranso.

5. Chithandizo cha m'kalasi

Akadziwa vuto, mphunzitsi wa kalasi, mphunzitsi wa maphunziro apadera ndi makolo alemba ndondomeko ya mwanayo payekha. M'ndondomekomo alemba zimene mwana atha kuchita tsopano, zimene ayenera kufikira pakutha pa teremu, ndi ntchito ya aliyense mwa iwo. Cholinga chikhale chaching'ono ndi chooneka: mwana wodziwa zilembo 10 adziwe 20, wosatha kugwira pensulo athe kulemba dzina lake. Pakutha pa teremu akumananso, naona ngati zatheka.

Chithandizo chambiri sichilira ndalama. Mwana wosamva bwino akhala kutsogolo, khutu labwino lili kumbali ya mphunzitsi. Mphunzitsi alankhula atayang'ana ana, osati atayang'ana bolodi, ndipo alemba mawu ofunika. Kwa wosaona bwino, mphunzitsi alemba zilembo zazikulu pa bolodi yakuda bwino, nanena mokweza zonse zimene akulemba. Mwana wachialubino aloledwa kuvala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, sagwira ntchito padzuwa, ndipo sayenda yekha pa njira ya kusukulu. Wochedwa kuphunzira apatsidwa ntchito yochepa, yogawidwa tizigawo, ndi zinthu zogwirika monga timiyala ndi zitsekero za mabotolo, nayamikiridwa pa kanthu kalikonse kamene wakhoza. Aliyense wa iwo apatsidwa mnzake wokhala naye pafupi. Komiti ya sukulu ikonza khomo lopanda masitepe ndi chimbudzi chimene mwana wokwawa kapena wa njinga ya olumala angalowe osadetsedwa, pakuti ana ena asiya sukulu chifukwa cha chimbudzi chokha.

Mwana wa khunyu akagwa, amuchotsera zinthu zomupweteka, amuika chofewa kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneka chammbali. Samuika supuni kapena chala m'kamwa, samumwetsa madzi asanatsitsimuke, samupanikiza. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5 athamangira naye kuchipatala. Khunyu silipatsirana ndi malovu kapena pokhudzana, ndipo ambiri akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku aleka kugwa.

Ena afuna zoposa izi: magalasi a maso, kachipangizo ka m'khutu kokweza mawu, zilembo za Braille, kapena chinenero cha manja. Amene safuna kuchoka kwao aphunzira maola ena m'chipinda cha zipangizo zapadera, maola ena m'kalasi ndi anzao. Kwa ana osamva konse kuli sukulu zogonera komweko, monga Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua m'boma la Dedza ndi Embangweni m'boma la Mzimba. Pa mayeso a boma bungwe la MANEB likonza mapepala a Braille ndi a zilembo zazikulu, niliwonjezera nthawi, koma mphunzitsi wamkulu ayenera kutchula vuto la mwanayo polembetsa mayeso. Nzoona kuti aphunzitsi apadera ndi zipangizo nzochepa poyerekeza ndi ana ozifuna. Kuchepako sikuchotsa udindo wa mphunzitsi wamba, chifukwa kusuntha mwana kumuika kutsogolo sikudikira thandizo lochokera ku likulu.

6. Udindo wa katekisti

Katekisti alowa m'nyumba zimene mphunzitsi salowa. Adziwa banja limene lidabatizitsa ana 5 koma ku tchalitchi kuoneka 4 okha. Ayenera kufunsa za wotsalayo mwachikondi, ndi kulimbikitsa makolo kupita naye kusukulu ndi kuchipatala. Ayeneranso kuletsa ana ndi akulu omwe kuitana mwana ndi dzina la chilema chake. Dzina lake ndi limene adalandira pa Ubatizo.

Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa mu 1965 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro umene palibe angamulande, chifukwa cha ulemu wa umunthu wake. Malamulo a Eklezia a 1983, pa kanoni 777, alamula bambo mfumu kuonetsetsa kuti olumala m'thupi kapena m'nzeru aphunzitsidwe katekisimu monga momwe angathere. Mu 2007 Papa Benedict XVI adalemba kuti obatizidwa ndi olimbitsidwa amene ali ovutika m'nzeru azipatsidwa Ukaristia pamene kuli kotheka, popeza aulandira m'chikhulupiriro cha banja ndi cha mpingo umene uwaperekeza. Francis de Sales Woyera, nkhoswe ya anthu osamva, adaphunzitsa yekha mnyamata wosamva ndi zizindikiro za manja mpaka adalandira masakramenti, ngakhale adali episkopi wotanganidwa.

Motero kuloweza mayankho sindiko muyeso wokhawo wa chikhulupiriro. Mwana amene satha kunena pemphero lonse, koma agwada, napinda manja, nasonyeza kuti adziwa kusiyana kwa Ukaristia ndi chakudya wamba, asachotsedwe m'kaundula katekisti asanakambirane ndi bambo mfumu. Njira za m'kalasi zigwiranso ntchito ku katekisimu: kukhazika mwana kutsogolo, kugwiritsa ntchito zithunzi, mtanda, madzi ndi kandulo, kufupikitsa phunziro, ndi kumufunsa payekha, osati pamaso pa anzake omuseka. Mwana uja wa khutu la mafinya, akadakhala kuti katekisti adaima kumbuyo kwake tsiku limodzi namunong'oneza dzina, bwenzi vuto lake litadziwika chaka choyamba, ndipo bwenzi atalandira Ambuye pamodzi ndi anzake.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi zinthu zitatu ziti zimene zioneka pa nkhani ya munthu wosamva ya pa Marko 7, ndipo sukulu izitsata bwanji?

2. Ndi zizindikiro ziti zimene zisonyeza kuti mwana samva kapena saona bwino?

3. Nanga ndi zinthu ziti zimene zitsaliritsa mwana m'kalasi popanda ulumali?

4. Mwana wa khunyu akagwa, anthu achite chiyani, ndipo asachite chiyani?

5. M'midzi ya mphakati uno muli ana angati a msinkhu wa sukulu amene sapita kusukulu kapena ku katekisimu chifukwa cha ulumali? Ndani adzayendera makolo ao mwezi uno usanathe, ndipo ndani adzapereka mayina ao kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa bambo mfumu?